Bafuta wa a Dorcas

Pachilumba chathu chino cha Norfolk, munthu amene sakukufuna umamudziwira pamsewu. Galimoto zikamadutsana, woyendetsa aliyense amadzutsa chala chimodzi pa chiwongolero kupereka moni, ngakhale kwa mlendo amene watsika ndege dzulo lomweli. Lavinia anasiya kumudzutsira chala mlamu wake Narelle kuyambira tsiku lija tinaika maliro a Caleb. Ng'ombe zogona pakati pa msewu ankaziimira bwinobwino mpaka zidzuke, koma mkazi wa malemu mchimwene wake ankamudutsa ngati chitsa.

Narelle anachokera ku Queensland, kutsidya kwa nyanja, akali mtsikana, kudzagwira ntchito yoyala mabedi m'maloji a alendo odzaona malo. Caleb anamuona, anamukwatira, anamulowetsa m'nyumba ya mayi ake, a Dorcas, ndipo m'menemo ndi momwe anakhala zaka zonsezi mpaka imvi zinayamba. Chaka chatha funde linamukokolola Caleb pamiyala akuwedza. Anamusiyira Narelle anthu awiri: mwana wawo mmodzi yekhayo, Keziah, mtsikana amene anali atangopitirira mayi ake msinkhu, ndi a Dorcaswo, amene miyendo inafa kale koma pakamwa pali moyo wa anthu atatu.

Tsopano tsiku la Bounty linayandikira, tsiku limene timakumbukira kufika kwa makolo athu kuchokera kuchilumba cha Pitcairn. Patsikuli mabanja amavala monga anavalira makolowo potsika sitima, amuna malaya oyera, akazi madiresi oyera ofika kumapazi, n'kuyenda kuchokera kudoko mpaka kumanda, banja ndi banja, kukaika nkhata za maluwa. Amene wayenda mumzere ndi wa magazi. Ena onse amaonerera kuseri kwa chingwe pamodzi ndi alendo ojambula zithunzi. Mabanja ena amalola mkamwini kapena mtengwa kuyenda nawo, koma a Dorcas anagamula chaka choyamba chomwe kuti Narelle malo ake ndi kuchingwe, ndipo iye anazolowera. Keziah yekha ankayenda, atagwira dzanja la bambo ake.

Chaka chino dzanja lija panalibe, ndipo kadiresi kake ka ubwana kankalekeza m'mawondo. Komanso manong'onong'o anali atayamba, a tsitsi lake lofiira lija. Narelle ankadziwa chilumba chake. Mwanayo akangolephera kuyenda chaka chino, choyamba bambo ake ali m'dothi, aliyense adzawerenga yekha kuti banja lamukana, ndipo palibe amene adzamubwezere mumzere mpaka kalekale. Nkhani yonse inali pamenepo. N'chifukwa chake anameza malovu, n'kuyendetsa galimoto kupita kwa Lavinia, kumene kunkasungidwa bokosi la madiresi a banja.

"Odi, alamu."

Lavinia anali pakhonde akupala nthochi zosapsa za pilhi, mkate wathu wa nthochi uja. Sanadzutse mutu.

"Mwasochera?"

"Ndabwera za diresi la Keziah. Lija lamuchepera."

"Onse ali ndi eni ake."

"Alamu, m'bokosi muja madiresi ndi osayamba. Ana anu aakazi ndi awiri basi."

"Eee, ndiye mwayamba kuwerenga za m'bokosi mwanga?" Lavinia anagogoda chopalira pa beseni. "Madiresi aja anawasokera magazi athu. Sitiveka aliyense wongopezeka pakhomo."

"Mukuti chiyani pamenepo?"

"Ine sindinatchule munthu. Ndikungoti kwathu kuno, kuyambira amene anatsika sitima aja, sitinabalepo mwana wa tsitsi ngati dzimbiri."

"Agogo anga aakazi anali ndi tsitsi lomwelo. Ndinakuuzani."

"Sindinawaonepo ine agogo anuwo."

Narelle anapsa mtima. Akanatha kumuthira nthochi zonse zija kumutu, ndipo ine sindikanamuimba mlandu. Koma anakumbukira chimene anadzera, anangofinya makiyi a galimoto m'dzanja.

"Chabwino," anatero Lavinia, akumwetulira kumwetulira kwa munthu amene watchera kale msampha. "Musamakanene uko kuti ndine woipa mtima. Abwere atavala diresi loyenera, ayenda. Loyera, lofika kumapazi, losoka pamanja ngati a makolo. Pasapezeke zipi, pasapezeke lasitiki. Ndipo musandibweretsere nayiloni wa kumaloji kwanu uja wonyezimira ngati jumbo. Nsalu yeniyeni."

Ankadziwa zimene ankanena mayi ameneyu. Nyanja inali itakwiya kwa nthawi yaitali, sitima ya katundu inabwerera osatsitsa kanthu, ndipo m'sitolo ya nsalu munangotsala zamaluwamaluwa za makatani. Ankadziwanso kuti mlamu wake kusoka kwake kunkathera pa mabatani ndi mipendero ya yunifolomu.

Kunyumba, a Dorcas anali pa chikuku chawo pafupi ndi zenera, kuwerengera anthu odutsa machimo awo. Narelle ndi amene ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwatayira za m'chitini. Lavinia ankangobwera Lamulungu kudzayendetsa chala pamwamba pa kabati kufuna fumbi. Koma m'kamwa mwa a Dorcas, Lavinia anali "mwana wanga", Narelle anali "iwe", iwe wouma ngati woitanira galu.

"Amayi," anatero Narelle akuwapesa tsitsi, "m'nyumba muno mulibe nsalu yoyera yakale imene simuigwiritsa ntchito? Ndikufuna ndimusokere Keziah diresi."

"Uzipesa bwino, ukundizula. Nsalu yanji? Unabwera ndi nsalu muno iwe? Unabwera ndi kachikwama kamodzi ndi nsapato zosongoka. Zonse ukuziona muno ndi zanga."

"N'chifukwa chake ndikupempha."

"Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma iwe ndiye mame anji, dzuwa lonseli?"

"Sindikupemphera ine. Ndi mdzukulu wanu."

A Dorcas anayang'ana kunja, anatafuna m'kamwa mopanda kanthu.

"Amatero," anayankha.

Liwu limodzi lomwelo linamupweteka Narelle kuposa zonse za Lavinia. Anamaliza kupesa, anamanga tsitsilo molimba kuposa masiku onse, a Dorcas n'kukuwa.

M'mawa mwake azimayi a kutchalitchi anadzawatenga a Dorcas kupita nawo kophunzira nyimbo za tsikulo. Narelle analowa kuchipinda kwawo ndi tsache. Pansi pa bedi panali bokosi lathabwa limene analikolopa m'mbali zaka zonsezi osalitsegula. Tsiku limenelo analikoka, analitsegula. Pamwamba panali zipewa zoluka ndi nsapato za malemu apongozi aamuna. Pansi penipeni, wokulungidwa m'pepala labuluu ndi masamba ouma othamangitsa njenjete, panali bafuta. Anamutambasula pabedi. Ha! Nsalu yolemera, yozizira m'manja, yoyera ngati mkaka, yaikulu kuposa ya pabedi la anthu awiri, yopanda banga ndi limodzi lomwe. Mbali imodzi yokha inali ndi mzere wa timitanda tosokedwa ndi ulusi wofiira, tating'ono ngati nyerere.

"Nkhalamba yaumbombo," anatero Narelle. "Ukusungira njenjete, mdzukulu wako alibe chovala."

Tisabise, kuba anaba. Anabweza pepala labuluu lija atakulungamo chopukutira chakale, anakankhira bokosi pansi pa bedi, ndipo mtima sunamugunde ngakhale pang'ono. Ankaganiza kuti watenga nsalu ya pabedi imene mwini wake anaiumira, ndipo ankakondwa kuti zidzawawawa.

Kusokako ankasokera kuntchito, m'chipinda chochapira cha paloji, nthawi ya chakudya chamasana. Anapita kaye kunyumba yosungira zakale kukayang'anitsitsa chithunzi cha akazi oyamba aja, mpaka woyang'anira anayamba kumuponyera diso. Anaona kuti diresilo lilibe chiuno. Limagwira m'mapewa ndi pachifuwa, kenako nsalu imangotsika yambirimbiri yokwinyidwa, manja ake otakasuka omanga pamkono. Anayesa kaye pa nsalu yong'ambika ya paloji. Loyamba linatuluka ngati thumba la mbatata. Lachiwiri khosi linali kumbali. Anatukwana Lavinia, anatukwana singano, anayambiranso.

Tsiku lodula bafuta anamuyala patebulo lopindira zovala, anaika mapepala ake odulira, anabaya mapini. Sizasi itangoluma koyamba, nsaluyo inalira mokhuthala, osati ngati nayiloni uja amangoterera. Anadula thupi la kutsogolo, la kumbuyo, manja awiri, ndi timizere ta zingwe zomangira kumsana popeza zipi inaletsedwa. Mzere wa timitanda tofiira uja anausunga padera. Anaganiza kuti ungakongoletse khosi, ndipo anadzitama kuti waganiza ngati telala weniweni.

Bafuta wakale ndi wouma mutu. Singano inkakana kulowa, ankachita kuikankha ndi chivundikiro cha botolo. Makwinya a pachifuwa anawakoka ndi ulusi umodzi wautali, ulusi unaduka atatsala pang'ono kumaliza, makwinya onse n'kumasuka. Anakhala pansi pakati pa madengu a zochapa, analira ndi mkwiyo, kenako anadzuka n'kutunganso ulusi wina wowirikiza. Zala zinatupa. Kamodzi anadzibaya magazi n'kudontha pa mkono wa diresi, ananyowetsa kansalu ndi malovu n'kutikita mpaka banga linachoka. Msoko uliwonse ankaupinda kawiri kuti Lavinia akadzatembenuza asadzapeze poyambira. Sankasoka ndi chikondi, ayi. Ankasoka ndi mano olumana, ndipo pobaya paliponse ankaona nkhope ya mlamu wake.

Keziah naye sanathandize. Chimwalirireni bambo ake anasanduka wa mawu ochepa ndi zitseko zomenyetsa.

"Ingosiyani, amayi," anatero atamuitanira kuchipinda chochapira kudzayesa. "Sindipita ine. Asandifune, nanenso sindiwafuna."

"Vula juziyo."

"Mwamva zimene akunena kusukulu? Akuti ndikafunse kaye ku Queensland kuti ndine wa ndani."

"Ndiye ukufuna ukawavomereze pokhala pakhomo? Kweza manja."

Diresi linatsika kuchokera kumutu mpaka kuphimba zala za kumapazi. Narelle anamanga zingwe kumsana. Mtsikanayo anaima kutsogolo kwa galasi la pachitseko, nkhope ili ndwii. Anatembenukira uku, anatembenukira uko, nsalu n'kumutsatira molemera. Anagwira timitanda tofiira ta pakhosi paja ndi nsonga za zala.

"Mwaitenga kuti nsalu imeneyi?"

"Wafunsa zambiri."

"Adadi akanati ndafanana ndi thanga la bwato," anatero Keziah, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokere maliro anaseka pang'ono. Narelle anabisa diresilo m'galimoto kuti a Dorcas asalione tsiku lisanafike.

Tsikulo kunacha ndi kamvula kowaza ndi mphepo ya Juni yolowa m'mafupa. Mwamuna wa Lavinia anadzawanyamula a Dorcas m'mamawa ndi chikuku chawo. Pamene Narelle ndi Keziah ankafika kudoko, anthu anali atadzaza kale, kuli mbuu kuyera, ana opanda nsapato akudumphadumpha ndi kuzizira, amuna akukonza zipewa, azimayi atanyamula nkhata za maluwa. Keziah anali atafunda chikhoti cha bambo ake pamwamba pa diresi. Narelle anamuperekeza mpaka pamene panaima banja lawo, a Dorcas patsogolo, Lavinia pambali pawo ngati msilikali.

"Tabwera, alamu," anatero Narelle. "Yang'anani zipi ngati muipeza."

Keziah anavula chikhoti.

Woyamba kusiya kulankhula anali mayi wina wachikulire wa banja loyandikana nalo. Anaika dzanja pakamwa. Kenako wina, kenako wina, chete n'kumafalikira pakati pa azimayi akuluakulu pamene amuna ndi ana akupitiriza phokoso lawo osadziwa kanthu. Narelle anayesa kuti akusirira. Anakweza mutu. Ndiye anaona kuti palibe amene akuyang'ana makwinya ake kapena mpendero. Onse maso ali pakhosi pa mwanayo.

"Mayo ine!" Lavinia anakuwa, nkhata n'kugwa m'matope. "Mfiti iwe! Wamuveka chiyani mwanayu?"

"Nsalu yeniyeni. Si imene munafuna?"

"Bafuta wa amayi! Bafuta wawo wa maliro! Anthuni, taonani, wadula nsalu yodzawakulungira amayi anga akali moyo!"

Muyenera kudziwa kuti m'banja limeneli, ndi ena ochepa akale, mkazi akamalowa m'banja amamusokera bafuta wa tsiku lake lomaliza. Amasoka mayi ake, kapena apongozi ake ngati wachokera kwina. Nsaluyo saigonera, saichapa, saionetsa. Imadikira m'bokosi mpaka azimayi adzatseke chitseko kusambitsa mwini wake. Timitanda tofiira tija si zokongoletsa. Timasonyeza mbali yophimba kumaso.

Zonsezi Narelle sankazidziwa. Doko lonse linamuzungulira.

"Safunsa anadya phula!" Lavinia anamulozera chala m'maso. "Ukufuna afe msanga utenge nyumba, eti? Wayamba kale kugawa za maliro?"

Keziah anali atagwira khosi la diresi ndi manja onse awiri, akulikoka ngati likumutsamwitsa, koma msoko wopinda kawiri uja sunalole.

"Amayi, mwandiveka za maliro?" anafunsa, misozi ili mbwembwembwe. "Pamaso pa anthu onsewa? Ndinakuuzani kuti musiye!"

Mawu a mwanayo ndi amene anamudzutsa Narelle. Manyazi anali nawo, mantha anali nawo, koma pansi pa zonsezo panali mkwiyo wa zaka zambiri umene sunapezepo khomo. Anakankha chala cha Lavinia.

"Ndikanadziwa bwanji? Tandiuzani, alamu, pamaso pa anthuwa. Pa ukwati wanga anandisokera bafuta ndani? Munandipatsa mbale yagalasi ya zipatso! Maliro angati achitika m'banja muno ine ndili kukhitchini kutsuka makapu? Caleb atamuvuula m'madzi, mwamuna wanga, munanditsekera chitseko. Munamusambitsa nokha, munamukulunga nokha, ine ndili pakhonde kuthirira anthu tiyi. Anapita atavala chiyani sindinaone mpaka lero. Ndiye lero mukuti safunsa? Ndinafunsa! Ndinafunsa inu, ndinafunsa amayiwa. Kuba ndaba, sindikukana. Koma umbuli wangawu munaulima nokha."

Azimayi ena anayang'ana pansi. Lavinia sanayang'ane pansi.

"Avule," anatero. "Avule pompano, afunde chikhoticho, azipita. Mumzere muno sapondamo, lero kapena chaka chilichonse. Mwana wa mbala."

"Bwera kuno, iwe mtsikana."

Anali a Dorcas. Chiyambire phokoso anali asanatsegule pakamwa, zimene sizinachitikepo pachilumba chino. Keziah anayandikira. A Dorcas anamukokera pansi ndi mkono mpaka anawerama, anagwira timitanda tija, anatiyendetsa chala kamodzikamodzi. Nkhope yawo inali itagwa. Zinawapweteka zenizeni, ndipo sanabise.

"Mayi anga anasoka izi maso atayamba kale kuwavuta," anatero. "Ndinamusunga bafutayu kwa njenjete, kwa makoswe, kwa chinyezi, moyo wanga wonse. Sindinadziwe kuti njenjete yaikulu ndikudya nayo patebulo."

Anatembenuza mpendero, anayang'ana msoko.

"Wokhota ngati njira ya chidakwa."

"Ndikuti avule, amayi," anatero Lavinia. "Ndimuvula ndekha."

"Khala chete iwe! Ukamuvula ndiye zidutswa zilumikizana zokha? Madzi akatayika saoleka." A Dorcas anapuma, chifuwa chikulira. "Lavinia, mutu wako ndi wosungira chipewa basi? Bafuta ameneyu sakhudza thupi la mlendo. Sizinachitikepo. Tsopano chilumba chonse chamuona pathupi la mwanayu. Ukamuthamangitsa, ukuuza anthu kuti ine Dorcas ndidzapita kwa Mulungu nditafunda chovula cha mwana wapathengo. Ine? Ndikagone pambali pa bambo ako ndi nsanza za mlendo kumaso?"

"Koma amayi, nanunso munkati..."

"Ndinkati chiyani? Unandimva ndikuti chiyani?" Anamenya dzanja pa chikuku. Ndiye anakweza mawu, mawu aja amamveka mpaka kuseri kwa tchalitchi, kuti mabanja onse amve. "Uyu ndi wa Caleb! Mdzukulu wanga! Tsitsi limeneli ndi la kuchikazi kwawo, alibe nalo mlandu. Amene ali ndi mawu ena abwere adzandiuze pano ndikali ndi makutu!"

Palibe anabwera. Khoswe anali atakhala pa mkhate, ndipo mwala unali m'manja mwa Lavinia wopanda pouponya. Anatola nkhata yake m'matope, anaikutumula mwaukali mpaka maluwa ena anathothoka.

"Pukuta mamina," a Dorcas anauza Keziah, "osati ndi mkono wa diresi, chitsiru! Gwira chikuku ichi. Ukankha ndiwe, patsogolo. Ukandigwetsera m'dzenje udzandidziwa."

Kenako anatembenukira kwa Narelle, ndipo maso awo analibe chifundo ngakhale cha mankhwala.

"Iwe usayese kuti zatha. Sindikukhululukira lero, sindidzakukhululukira mawa. Sindinachitire iwe zimenezi. Mawa lomweli umasule msoko uliwonse, ulumikize zidutswa zanga zonse mmene zinalili, timitanda tibwerere kumutu. Ndidzagona m'zigamba chifukwa cha iwe."

"Ndimasula," anatero Narelle. "Koma musafulumire kufa, amayi. Ndinasoka molimba."

"Ndidzayamba ndakuika iwe. Choka apa, pita kuchingwe kwako."

Belu linalira. Mabanja anayamba kusuntha, loyamba, lachiwiri, nyimbo ya makolo n'kuyambika kutsogolo kwa mzere. Narelle anatola chikhoti cha Caleb pansi, anawerama n'kudutsa pansi pa chingwe, anaima pamalo ake a chaka ndi chaka pakati pa maambulera ndi makamera. Manja ake otupa aja anawabisa m'chikhotimo.

Banja lawo linafika pomwe anaima. Patsogolo a Dorcas, chibwano m'mwamba ngati mfumukazi. Kumbuyo kwawo Keziah, wopanda nsapato, akukankha chikuku m'matope, tsitsi lofiira litanyowa, bafuta akumenya m'miyendo. Mmodzi wa ana a Lavinia anali atamukoleka nkhata ya manda a bambo ake pamkono. Makwinya a pachifuwa anakhala bwino, sanamasuke. Narelle anadzutsa dzanja pang'ono. Mwanayo anamuona, palibe kukayika, koma nkhope inali ikali yotupa ndi kulira ndi mkwiyo. Anabweza maso kutsogolo, anawerama kumvera zimene agogo ake ankamulamula, anapitirira.

Ndi zimene Narelle anafuna, ndi zimene anabayira zala. Anaima pomwepo akuyang'ana msana woyera uja ukulowa pakati pa misana ina yoyera mpaka anasiya kuusiyanitsa, kupatula kamutu kofiira.

Mayi wina wa alendo aja, wa chipewa cha pulasitiki, anamugunda ndi chigongono akuonetsa chithunzi pa kamera yake.

"Pepani, ndinu a konkuno? Mtsikana wokankha agogo uja, diresi lake ndi lokongola kuposa onse. Ndi mwana wa ndani ameneyu?"

Narelle anayang'ana chithunzicho. Anafinya chikhoti pachifuwa.

"Ndi wawo," anatero.